Ma Adiresi a Imelo a M'mayunivesite Anasintha

M'chaka cha 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu. Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS, pomwe Chancellor College inatsala ndi dzina la UNIMA. Potsatira izi, nthambi zoona za makompyuta zinapatsa aphunzitsi ndi ochita kafukufuku ma adiresi atsopano a imelo: mubas.ac.mw m'malo mwa poly.ac.mw, kuhes.ac.mw m'malo mwa medcol.mw, ndi unima.ac.mw m'malo mwa cc.ac.mw.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno ku khonsolo, chifukwa ena mwa ife tikusungabe ma adiresi akale. Kalata yopempha zotsatira za kafukufuku wa malungo kapena wa mijigo ikhoza kubwerera, mwinanso osawerengedwa n'komwe, ntchito yokonza mapulani n'kuima. Musanatumize, onani mawu otsatira chizindikiro cha @. Akakhala akale, muimbireni foni wofufuzayo kuti akupatseni adiresi yatsopano.