Kholo Likagona M'chipinda cha Odwala Mwakayakaya

Ambiri a ife tinazolowera kuti m'bale akagonekedwa m'chipatala, mmodzi amatsala pomwepo kuti azimuphikira phala, kumusambitsa ndi kumuchapira. Koma kuli chipinda china kumene mwambo umenewu sugwira ntchito. Chipindachi ndi cha odwala mwakayakaya, chimene achipatala amachitcha ICU. Bambo anga anagonamo masiku 9 atawachita opaleshoni ya m'mutu, choncho ndati ndikufotokozereniko, anzanga, zimene zimachitika m'menemo.

Bambowo anagwa panjinga, magazi n'kuundana pakati pa chigaza ndi ubongo. Madokotala anatsegula chigazacho nachotsa magaziwo. Tsono vuto ndi lakuti ubongo ukavulala kapena ukakhudzidwa umatupa, monga momwe mwendo umatupira. Mwendo uli ndi malo otupira, koma ubongo uli m'fupa lotsekeka mbali zonse. Ukatupa umadzipana wokha, magazi n'kumalephera kufikamo bwino. Kawirikawiri kutupaku kumafika pachimake pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu.

N'chifukwa chake wodwala angathe kuoneka ngati wakomokeratu pamene opaleshoni yayenda bwino. Nthawi zambiri amakhala atamugoneka dala ndi mankhwala kuti ubongo upumule, kwinaku makina akumuthandiza kupuma kudzera m'chubu cha pakamwa. Bedi amalikweza kumutu ndi madigiri 30 kuti magazi azitsika mosavuta kuchokera m'mutu. Musalitsitse poganiza kuti akuvutika khosi.

Mudzaonanso namwino akubwera pafupipafupi, kumuitana wodwala dzina, kumuuza kuti afinye dzanja, ngakhale kumutsina kumene. Amayi zinawawawa kwambiri ataona mtsikana wamsinkhu wa mwana wawo akutsina amuna awo. Komatu si nkhanza ayi. Ndi muyeso wotchedwa Glasgow Coma Scale, umene madokotala awiri, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anaukonza mumzinda wa Glasgow ku Scotland m'chaka cha 1974. Amaona zinthu zitatu: kutsegula maso, kulankhula ndi kusuntha ziwalo. Malikisi ochepetsetsa ndi 3, ochulukitsitsa ndi 15. Wodwala akakhala pa 8 kapena kucheperapo, ndiye kuti sangathe kudziteteza kuti malovu kapena masanzi asalowe m'mapapo. Amamuunikanso m'maso ndi tochi, pakuti diso limodzi likaleka kumva kuwala chingakhale chizindikiro chakuti ubongo ukupanikizika.

Nanga abale atsala ndi ntchito yanji? Choyamba ndi kudziletsa. Amalola anthu ochepa, kwa mphindi zochepa, atasamba m'manja, chifukwa wodwala wokhala ndi machubu ambiri sachedwa kutenga matenda ena. Phala la m'fulasiki libwerere. Munthu amene sakumeza bwino ukamumwetsa, chakudyacho chimapita m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Iye amadyera m'kachubu ka m'mphuno. Azakhali athu anabwera ndi mankhwala a zitsamba atawabisa m'chitenje, ndipo malume ndiwo anawakhazika pansi panja mpaka anamvana.

Ife tinasankha achemwali anga aakulu kuti akhale olankhula ndi madokotala. Ankalemba m'kope zonse zimene auzidwa, madzulo n'kufotokozera banja lonse. Izi zinathandiza, chifukwa nkhani ya wodwala ikadutsa pakamwa pa anthu asanu imafika kumudzi itasanduka uthenga wa maliro. Enafe tinagawana zotsala: wina kusaka ndalama zoyendera, wina kuyang'anira ana ndi munda, wina kuonetsetsa kuti amayi adya ndi kugona. Wodikirira odwala naye amadwala, makamaka akamachezera pabenchi usiku uliwonse. Tinaitananso wansembe kuti adzawadzoze, ngakhale ena ankakana poyesa kuti Sakramenti la Kudzoza Odwala ndi lotsanzikira akufa okha.

Mukalowa, mulankhuleni wodwalayo mwaulemu ndi modekha, mudzitchule dzina, mumuuze tsiku ndi kumene ali. Musakambirane za imfa kapena za chuma pambali pa bedi, pakuti ena amamva ngakhale sakuyankha.

Kudzuka kwake sikukhala kwa kamodzin'kamodzi. Bambo atatsegula maso anayamba kuzula machubu, ndipo ine ananditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Kusokonezeka kotere kumachitika kwa ambiri ndipo nthawi zambiri kumachepa pang'onopang'ono. Popeza mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira ziwalo za kumanja, dzanja lawo lamanja linatsala lofooka. Anatuluka m'chipatala akudya ndi dzanja lamanzere, ndipo mafizo anawachita miyezi ingapo asanayambe kugwiranso khasu.