Msonkhano wa pa vidiyo umadutsa bwanji pa firewall ya ofesi ya boma?

Khoti likamamva mlandu pa vidiyo, mboni ili kundende kapena kunja kwa dziko, pali vuto lina limene limabwera kawirikawiri. Mbali zonse zalumikizana, mayina akuoneka pa sikirini, koma mawu a mboni sakumveka, kapena akumveka mbali imodzi yokha. Anthu amathamangira kunena kuti netiweki yathawa, pomwe nthawi zambiri intaneti imakhala ilipo ndithu. Chotchinga chimakhala firewall ya ofesiyo. Loya, khansala ndi aliyense amene nkhani yake imakambidwa m'misonkhano yotereyi ali ndi chifukwa chodziwira mmene njira imatsegulidwira ndiponso amene amavomereza kuti itsegulidwe.

Firewall ndi chipangizo kapena pulogalamu imene imaima pakati pa makompyuta a mu ofesi ndi intaneti. Imagwira ntchito ngati mlonda wa pageti: wapanyumba akatuluka amamulemba, akabwerera amamutsegulira, koma mlendo wosaitanidwa amabwezedwa. Potsegula webusaiti zimenezi sizivuta, chifukwa kompyuta yam'kati ndiyo imayamba kufunsa. Msonkhano wa pa vidiyo uli ndi magawo awiri. Loyamba ndi kuimbirana, kumene kumadzera pa port (nambala ya khomo lolowera uthenga) yodziwika kale: 5060 kapena 5061 pa njira yoimbirana ya SIP, 1720 pa ya H.323. Lachiwiri ndi mawu ndi zithunzi zenizenizo, zimene zimayenda pa njira yotumizira yotchedwa UDP, pa ma port osankhidwa kuimbako kutayamba kale. Firewall imalola gawo loyamba n'kukaniza lachiwiri chifukwa silinali pa mndandanda wake.

Pali vuto linanso. Ma adiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, ochepa kwambiri poyerekeza ndi zipangizo zonse za padziko. Ku Africa kuno amagawidwa ndi AFRINIC, bungwe la ku Mauritius. Chifukwa cha kuchepa kwa ma adiresiwa, ofesi yonse imatulukira pa adiresi imodzi kapena angapo, ndipo makompyuta am'kati amapatsidwa manambala ngati 192.168.1.20. Njira imeneyi imatchedwa NAT. Ndiye makina a vidiyo a m'khoti amauza anzake akutali kuti, zithunzi munditumizire ku 192.168.1.20. Nambala yomweyo ili m'nyumba ndi m'maofesi osawerengeka, ndipo kunja kwa mpanda sifikitsa kulikonse.

Njira zothetsera vutoli zinachokera ku mabungwe awiri. ITU, nthambi ya United Nations ya ku Geneva, inatulutsa H.460.18 ndi H.460.19 mu 2005. Nzeru yake ndi yoti makina am'kati aziyamba okha kulumikizana ndi seva yakunja n'kumasunga njirayo yotseguka, kuti woimba wakunja azilowera pomwepo. Bungwe lina ndi IETF, limene linayamba mu 1986. Ilo lilibe khadi la umembala, limakumana katatu pachaka, ndipo zikalata zake, zotchedwa RFC, aliyense amawerenga mwaulere. Kumeneko n'kumene kunachokera STUN mu 2003, kenako TURN ndi ICE mu 2010. Ndi STUN, kompyuta imafunsa seva yakunja kuti, kodi mukundiona ndi adiresi iti? Ikalephera kufika kwa inzake mwachindunji, TURN imalandira mawu ndi zithunzi n'kuzipititsa. ICE imayesa njira zonse zimene zilipo n'kusankha yoyenda bwino. STUN ndi TURN zimamvera pa port 3478, ndipo maofesi okhwimitsa kwambiri amadutsitsa TURN pa 443, port ya mawebusaiti otetezedwa, ngakhale chithunzi chimatha kumadodoma.

Mu ofesi yoyenda bwino, kutsegula port si chinthu chimene katswiri wa makompyuta amangochita yekha. Wofuna msonkhano amalemba pempho. Katswiri amalemba lamulo la firewall momveka: kuchokera ku adiresi iti, kupita ku iti, pa port iti, chifukwa chake n'chiyani. Woyang'anira chitetezo amasaina, ndipo zonse zimasungidwa m'kaundula kuti zikadzavuta padzapezeke wofunsidwa. Seva yolandira anthu akunja imaikidwa m'chigawo chapadera chotchedwa DMZ, kutali ndi makompyuta osunga mafaelo a milandu. Kenako amayesa kuchokera kunja kwenikweni, pa foni ya bando, chifukwa kuyesera m'kati momwemo sikudutsa pa firewall n'komwe. Pa ma router ambiri muli kachinthu kotchedwa SIP ALG, kamene kamasintha ma adiresi m'mauthenga pofuna kuthandiza. Nthawi zambiri kamaononga, ndipo akatswiri amakazimitsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi njira yachidule. Woweruza wakhala kale pampando, mawu sakumveka, wina n'kulemba lamulo lolola chilichonse kuchokera kulikonse, kapena kuzimitsa firewall yonse. Mlandu umamvekadi. Koma lamulo lija likaiwalika, maumboni, mayina a ana ndi zikalata zachipatala zimakhala poyera kwa miyezi. Pa intaneti pali makina amene amangoyesa port 5060 usana ndi usiku kufunafuna yotseguka. Ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linakhazikitsa Malawi CERT pansi pa MACRA kuti izithandiza pa ziwopsezo zotere, koma silingalowe mu ofesi iliyonse kukatseka zimene eni ake atsegula.

Nzika imene yaitanidwa kukachitira umboni pa vidiyo ingathe kufunsa kalaliki mafunso awiri: seva ya msonkhanowu ndi ya yani, ndipo ili m'dziko liti? Seva ya TURN siingamve zokambidwa ngati zabisidwa bwino, ngakhale imadziwa ma adiresi olumikizana ndi nthawi yake. Seva yaikulu yogawira msonkhano ndiyo nthawi zambiri imatha kumva ndi kujambula zonse, pokhapokha ofesiyo itasankha kubisa uthenga kuchokera kwa wolankhula mpaka kwa womvera.