Kukonza Mphumi: Kuchokera ku Mphini Kufikira ku Mpeni wa Dokotala

Nkhani yathu lero ndi ya mphumi. Mawu amenewa m'Chichewa ali ndi matanthauzo awiri. Mphumi ndi mbali ya nkhope yapakati pa nsidze ndi tsitsi, imene ena amati chipumi. Komanso munthu zikamamuyendera bwino timati ali ndi mphumi. N'zosadabwitsa tsono kuti anthu a mitundu yambiri akhala akusamala ndi kukongoletsa malo amenewa.

Makolo athu anali ndi njira yao, ndiyo kutema mphini. Ankacheka khungu pang'onopang'ono ndi lumo, napakamo makala osinja kuti pochira patsale zizindikiro zakuda. Mphini zina zinali za kukongola, zina zozindikiritsa mtundu, ndipo zina zinali za sing'anga, zothirapo mankhwala a litsipa. Lero ambiri analeka, ndipo chifukwa chimodzi ndi chakuti lumo limodzi likacheka anthu angapo lingathe kufalitsa kachirombo ka HIV ndi matenda a chiwindi.

Madokotala a masiku ano apita patali kuposa khungu. Luso lao silinayambe ndi kukongoletsa, koma ndi kukonza nkhope zoonongeka. Ku India kunali njira yakale yotenga khungu la pamphumi ndi kuumbira mphuno munthu amene anadulidwa mphuno, ndipo mbiri yake inasindikizidwa ku London m'chaka cha 1794. Pa nkhondo yaikulu yoyamba, dokotala Harold Gillies anakonza nkhope za asilikali ovulala pa chipatala cha ku Sidcup, ku England, chimene chinatsegulidwa mu 1917. Pambuyo pake Paul Tessier wa ku France anaonetsa madokotala anzake mu 1967 kuti mafupa a nkhope ndi a chigaza angathe kudulidwa ndi kusunthidwa, munthu nakhalabe moyo.

Kuchokera m'luso limeneli mwatuluka njira zitatu zosinthira mphumi.

Yoyamba ndi yokweza nsidze. Munthu akamakalamba khungu limalendewera, makwinya amachuluka, ndipo nsidze zimagwera pa maso. Poyamba dokotala ankacheka m'kati mwa tsitsi kuchokera kukhutu lina kufikira linzake, nakokera khungu m'mwamba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ambiri amangoboola timabala tating'ono, nalowetsamo kachipangizo koonera m'kati.

Yachiwiri ndi yochepetsa chipumi chachikulu. Dokotala amacheka motsata malire a tsitsi, nachotsa kachigamba ka khungu, kawirikawiri sentimita imodzi kapena ziwiri. Kenaka amakokera kutsogolo khungu la tsitsi lija, nasoka.

Yachitatu, imene ili yovuta kuposa zonse, ndi yosema fupa lenileni. Pamwamba pa nsidze, m'kati mwa fupa, muli kamphanga ka mpweya kamene kamalumikizana ndi mphuno. Ngati fupa lili lochindikala, dokotala amangolipala. Ngati lili lopyapyala, kupala kungaboole kamphanga kaja. Tsono amachotsa khoma lake lakutsogolo, nalikonza, nalibwezera m'kati pang'ono ndi kulimanga ndi tizitsulo. Pamene mphumi ili yolowa m'kati, amadzazapo mankhwala ouma ngati fupa.

Mwina mukuti, kodi pali choopsa? Chilipo ndithu. Pamphumi pamadutsa mitsempha imene imatichititsa kumva kukhudza, ndi ina imene imakweza nsidze. Yoyambayo ikavulala, mutu umachita dzanzi kwa miyezi, mwinanso kosatha. Inayo ikaduka, nsidze ya mbali imodzi siyendanso. Tsitsi lingathothoke m'mbali mwa bala, bala lingachite mafinya, ndiponso mankhwala ogonetsa ali ndi ngozi zake. Kwa ife a khungu lakuda pali chinthu chinanso: matupi a ena mwa ife amapanga zipsera zotupa, zimene zimakula kupitirira bala. Munaonapo anthu amene anaboola makutu, pamalopo nipamera chotupa cholimba. Munthu wotere ayenera kuganiza kawiri asanalole mpeni pankhope pake. Zithunzi zokopa zimene achinyamata amaona pa lamya za m'manja sizionetsa zimenezi. Akuluakulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma tisathamangire kunena kuti luso limeneli ndi la olemera a kunja okha. Kwathu kuno amene amalisowa kwenikweni ndi opsa ndi moto. Ku Dedza kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julaye, ndipo mabanja amaothera moto m'nyumba. Mwana wokwawa, kapena munthu wodwala khunyu, akagwera pamoto nthawi zambiri amapsa kumaso. Bala la pamphumi likapola lokha, chipsera chimakokana, nichikoka nsidze ndi chikope, mpaka diso kulephera kutseka. Diso losatseka limauma, ndipo lingathe kufa. Apa dokotala amamasula chipseracho ndi kuikapo khungu lotengedwa pamalo ena a thupi. Ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli zipinda za odwala opsa ndi moto.

Tsono amai ndi abambo, gwirani izi. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, dothi, kapena mankhwala otsukira mano. Phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo fulumirani naye ku chipatala chapafupi, kumene adzaona ngati ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Wodwala khunyu asakhale yekha pafupi ndi moto. Ndipo inu amene mukulingalira zosintha mphumi chifukwa cha maonekedwe okha, yambani mwafunsa ngati dokotalayo ali m'kaundula wa bungwe la Medical Council of Malawi, kapena bungwe lotere la dziko limene mukupitako. Mufunsenso kuti opaleshoni yotere anaichita kangati, ndi kuti zikavuta adzakusamalirani ndani.