Mkamwini Akabwerera Kwawo

Ku Dowa ndi ku Ntchisi mipingo iwiri yakhala moyandikana kwa zaka zambiri. Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anafika ku Mvera mu 1889, ndipo m'mbewu imeneyo munatuluka Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, ndi malo ngati Kongwe ndi Chinthembwe. Akatolika nawo anakhazikika ku Nambuma, Mtengowanthenga ndi Mpherere. Kuno munthu akachoka mpingo wina kupita wina, kawirikawiri chimakhala chifukwa cha banja. Nanga akachoka ndi mphunzitsi wa mawu a Mulungu, wodziwa mbali zonse ziwiri, timumvetse bwanji?

Francis Beckwith wa ku America anabadwa mu 1960 m'banja la Chikatolika. Ali mnyamata anapita kwa aevanjeliko, Akhristu amene amatsindika Baibulo, kutembenuka mtima ndi kulalikira. Kumeneko anakula, naphunzitsa pa yunivesite ya Baylor, mpaka mu 2006 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa bungwe la Evangelical Theological Society. Mu Epulo 2007 anapita kukalapa kwa wansembe nabwerera ku Katolika, ndipo mu Meyi anatula pansi udindo uja.

Ine ndimamuona ngati mkamwini. Mwamuna wa Chichewa amasiya mudzi wa amayi ake, nakamanga nyumba kuchikazi. Amalima munda wa kumeneko, amaluka nkhokwe, amaphunzira kakhalidwe ka eni mudzi, ndipo akakhala wakhama amamudalira ngakhale pa milandu. Patapita zaka amatha kupempha chitengwa, natenga banja kupita nalo kwawo. Munda amausiya, pakuti nthaka ndi ya eni ake. Ndi chifukwa chake Beckwith anachita bwino kusiya mpando. Koma luso la m'manja salisiya. Iye anapitiriza kudzitcha mwevanjeliko wa Chikatolika, poti chikondi cha pa Malembo anachiphunzira kuchikamwini kuja.

Chinamubweza n'chiyani? Anawerenga zolemba za atsogoleri a Mpingo a m'zaka mazana oyambirira, pa funso limene linagawa Akhristu nthawi ya Martin Luther: munthu amalungamitsidwa bwanji pamaso pa Mulungu? Mkhristu wa CCAP amaphunzira m'kalasi kuti ndi mwa chikhulupiriro chokha, ndipo ntchito zabwino ndi zipatso chabe. Mkatolika amaphunzira kuti chisomo chomwecho chimamusintha munthu m'kati, ndipo iye amayenda nacho limodzi. Beckwith anaona kuti makolo akalewo anali pafupi ndi chiphunzitso cha Katolika. Akatswiri ena awerenga mabuku omwewo natsalira kumene ali, ndi mtima woona.

Kusiyana kulipo ndithu, tisanamizane. Uku ku CCAP masakramenti ndi 2, ubatizo ndi Mgonero. Uko ku Katolika ndi 7. Uku Baibulo lili ndi mabuku 66, uko 73. Uku mawu omaliza ali ndi Malembo okha. Uko Malembo amawerengedwa pamodzi ndi mwambo wa Mpingo, pansi pa maepiskopi ndi Papa.

Komabe midzi iwiriyi ndi ya pachibale. Kale wa ku Mvera ankawerenga Buku Lopatulika la 1922, wa ku Nambuma Malembo Oyera a 1966, koma mu 1998 kunatuluka Buku Loyera limene Akatolika ndi Aprotestanti anamasulira limodzi. Chaka chotsatira, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutera anasainirana chikalata chogwirizana pa mfundo zazikulu za kulungamitsidwa.

Abusa ndi abambo mfumu, amayi a Chigwirizano ndi a m'mphakati, mwana wanu akanena kuti akufuna kuwoloka, musathamangire kumutcha wotayika. Khalani naye pansi, mumufunse funso limene lamusowetsa tulo, ndipo mumuyankhe ndi Baibulo lotsegula.