NKHALAMBA PA NYENGO YA KRISMASI

Pofika mwezi wa December m'makomboni a ku Migodi mumadzala cimwemwe. Anthu agula mpunga, nkhuku ndi zobvala zatsopano. Koma nyengo yomweyo ndiyo imene nkhalamba zambiri zisungulumwa koposa masiku ena onse a caka. Cifukwa cace nciani?

Gwero la nkhaniyi ndi lakale. Pamene migodi ya Luanshya, Nkana ndi Mufulira inayamba kuturutsa mkuwa pakati pa 1931 ndi 1933, anyamata ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke anasiya makolo ao, napita kukafuna nchito. Kuyambira pomwepo mabanja akhala ogawanika, kotero kuti nkhalamba zosungulumwa ziri za magulu awiri.

Gulu loyamba ndilo la kumudzi. Krismasi ifika m'dzinja, pamene anansi atanganidwa ndi kupalira cimanga, ndipo nkhokwe zayamba kupepuka. Mai wokalamba asesa pabwalo, nasunga tambala wace, namayang'ana kunjira. Dzuwa lilowa osaona mwana. Gulu laciwiri ndilo la m'tauni, la amuna amene anapuma nchito kapena anacotsedwa pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, kufikira caka ca 2000. Ambiri a anzao a pansi pa mgodi anamwalira, ndipo kumudzi awayesa machona.

Masiku wamba munthu apirira, pakuti aliyense ali pa nchito yace. Koma pa tsiku la cikondwerero amva nyimbo ndi kuseka kwa ana m'nyumba ya mnansi, iye ali yekha ndi mbale imodzi. Wotere ayamba kucita ulesi kuphika, asowa tulo, nafooka thupi. Coopsa cina ndi cakuti nkhalamba yosayenderedwa ndi abale ndiyo imene anthu afulumira kuinenera ufiti.

Ana ambiri ayesa kuti akwaniritsa udindo wao potumiza ndarama pa foni. Ndarama nzabwino, zigula sopo ndi feteleza, koma sizifunsa munthu m'mene wagonera. Cifukwa cace amene alephera kukwera basi aimbe foni tsikulo, napatse adzukulu nthawi yolankhula ndi agogo ao. Ndipo amene ali ndi nkhalamba pafupi, ingakhale ya mtundu wina, atume mwana kukaiitana kuti idzadye nao.

Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Banja limene lisiya dambo lace kuti liume lidzasowa kothawira tsiku limene moto udzabuka.