PHWANDO LOSADYEKA: ZA MAFILIMU A LUIS BUÑUEL

Munthu akaitanidwa ku phwando adziwiratu zimene zidzacitika. Adzasamba m'manja, adzadya nakhuta, adzayamika mwini nyumba, ndipo adzanka kwao kukagona. Koma kunali munthu wina wa ku Spain, dzina lace Luis Buñuel, wolemba ndi wokonza mafilimu a ku bayisikopo, amene kawirikawiri anali kusonyeza maphwando osatha bwino. M'mafilimu ace alendo afika, cakudya ciri pafupi, koma sadya. Kapena adya, koma pofuna kupita kwao alephera kuturuka, cinkana khomo liri losatseka.

Buñuel anabadwa m'caka ca 1900 m'mudzi wa Calanda, m'banja lolemera, naphunzira pa sukulu ya ansembe a ciJezuiti ku Zaragoza. Cifukwa cace anadziwa bwino makhalidwe a anthu acuma ndi a ansembe, ndipo mitundu iwiri imeneyi ya anthu siisowa m'mafilimu ace. Atakula anapita ku Paris, kumene kunali gulu la alembi ndi ojambula ochedwa maSurrealist, lotsogozedwa ndi André Breton kuyambira 1924. Anthuwa anaona nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918, imene inakonzedwa ndi anthu ophunzira ndi obvala bwino, ndipo anati nzeru zotere nzosayenera kuzikhulupirira. Anati coonadi ca munthu cipezeka m'maloto, m'mene zilakolako zace zituruka zosabvala.

Filimu yace yoyamba, Un Chien Andalou, anaipanga m'caka ca 1929 pamodzi ndi bwenzi lace, wojambula Salvador Dalí, ndi ndalama zimene anampatsa amai ace. Inacokera ku maloto awiri. Buñuel analota mtambo ulikudula mwezi monga lumo lidula diso. Dalí analota nyerere zirikuturuka m'dzanja la munthu. Anapangana kuti asaikemo kanthu kali konse kamene munthu angathe kukalongosola ndi nzeru. Tsono filimuyo iyamba ndi lumo kudula diso la mkazi (linali diso la mwana wa ng'ombe wakufa, koma oonerera ambiri amatseka maso ao kufikira lero), ndipo pakati pace mwamuna wofuna kufika pa mkazi akoka zingwe zomangidwa ku mapiyano awiri, aburu akufa ali pamwamba pace, ndi ansembe awiri alikukwekwerezeka pansi. Mkazi ali pafupi, koma katundu wa mwamunayo amletsa. Nkhani imene Buñuel anaibwereza moyo wace wonse inayambira pomwepo.

Iye mwini anasimba kuti usiku woyamba anaika miyala m'matumba, kuti anthu akamuukira adziteteze nayo. Koma anthu anaomba m'manja, ndipo filimuyo inaonetsedwa miyezi 8. Buñuel sanakondwere ai. Anafuna kuwalasa mtima, koma iwo anati ndi yokongola.

Mkwiyo umene anaufuna unadza caka cotsatira. Filimu yaciwiri, L'Âge d'Or, inasimba za mwamuna ndi mkazi okondana amene apolisi, ansembe ndi anthu aulemu alikuwalekanitsa nthawi zonse, ndipo inanyoza zopatulika poyera. Pa 3 December 1930 anyamata a magulu a ndale analowa m'nyumba ya bayisikopo ya Studio 28, nathira inki pa nsaru yoonetserapo, nang'amba zithunzi zimene zinapacikidwa pa khomo. Mkuru wa apolisi wa Paris analetsa filimuyo, ndipo inakhala yobisika pafupifupi zaka 50.

Nkhondo ya pa ciweniweni ya ku Spain itatha, Buñuel sanathe kukhala kwao. Anakhala ku America, ndipo m'caka ca 1946 anafika ku Mexico. Kumeneko anapanga Los Olvidados (1950), ndiko kunena Oiwalika, nkhani ya ana a m'makomboni a Mexico City. Muli loto limene munthu akaliona saliiwala. Mnyamata Pedro, amene mai wace anamkaniza cakudya masana, alota usiku mai uja alikudza kwa iye ndi nkhope yacikondi, atanyamula nthuli yaikuru ya nyama yaiwisi. Koma asanailandire, dzanja la mnzace woipa lituruka pansi pa kama nilitsomphola nyamayo. Anthu a ku Mexico anapsa mtima kuti mlendo wanyazitsa dziko lao. Filimuyo inacotsedwa patangopita masiku owerengeka, ndipo ena anati Buñuel apitikitsidwe. Koma m'caka ca 1951 analandira nayo mphotho ku Cannes, ku France, ndipo pamenepo a ku Mexico anaionetsanso nayamba kuitama.

Pali cinthu cimodzi cimene cibvuta ngakhale iwo amene amkonda. Buñuel anaseka olemera, koma sanayeretse osauka. Kwa iye umphawi suphunzitsa munthu ulemu, umlumitsa mnzace. Cimeneci cioneka bwino mu Viridiana (1961), imene anaipanga atabwerera ku Spain. Namwali wofuna kukhala sisitere asonkhanitsa opemphapempha, akhungu ndi opunduka, nawasunga pa munda wa malume ace. Tsiku lina eni nyumba atacoka, opemphawo athyola nyumba yaikuru, ayala nsaru yoyera pa thebulo, apha nkhosa, namwa vinyo. Ndipo ataledzera akhala m'mzere, wakhungu ali pakati, monga m'cithunzi ca Leonardo da Vinci ca Mgonero wa Ambuye. Pambuyo pace awiri a iwo agwira namwali amene anawadyetsa. M'filimu yomweyo munthu wina aona garu womangidwa kunsi kwa ngolo, alikuthamanga wotopa, namgula kuti ampulumutse. Koma potembenuka iye, ngolo yina ipita kumbuyo kwace, nayonso iri ndi garu wace. Filimuyo inalandira mphotho yaikuru ya Cannes, koma nyuzipepala ya ku Vatican inati yacitira Mulungu mwano. Boma la Franco linacotsa nchito mkuru wa boma amene anakalandira mphothoyo, ndipo anthu a ku Spain sanaloledwe kuiona kufikira 1977, Franco atafa.

Phwando lodabwitsa koposa liri mu El Ángel Exterminador (1962). Anthu acuma aitanidwa ku cakudya ca madzulo m'nyumba yaikuru. Anchito a m'nyumbamo, osadziwa cifukwa cace, athawa mmodzimmodzi alendo asanadye. Atadya, alendo alowa m'cipinda cocezeramo, ndipo usiku upita wopanda wotsazika. M'mawa azindikira kuti sangathe kuturuka. Palibe citseko, palibe msilikari. Munthu afika pa khomo, apeza cifukwa cina, nabwerera. Masiku apita. Aboola cipupa kuti amwe madzi a m'paipi, nkhalamba yina ifa naibisa m'kabati, ndipo nkhosa zitasocerera m'cipindamo aziotcha pa moto wa matabwa a nyumba yomweyo. Amuna amene anadza ndi majekete akuda ndi mau aulemu ayamba kutukwanana ndi kuberana. Potsiriza aturuka, napita ku chalichi kukayamika Mulungu. Koma mapemphero atatha, ansembe ndi anthu onse alephera kuturukanso, ndipo gulu la nkhosa lilowa pa khomo.

Munthu amene anazolowera mafilimu a makauboyi, m'mene wabwino adziwika ndi nkhope ndipo woipa agwa ndi cipolopolo, afunsa msanga kuti, Kodi anawatsekera ndani? Funso lomweli anafunsa anthu ophunzira a ku Ulaya. Ena anati cipindaco ndico Spain wa Franco. Ena anati ndi mwambo umene umanga munthu wopanda cingwe, pakuti ali yense anayembekeza kuti mnzace ayambe kunyamuka. Yankho laciwirili lioneka lolimba, popeza nchito yonse ya Buñuel iloza komweko. Koma mwini wace anakana kumasulira, ndipo anali kuseka iwo amene anafuna tanthauzo pa kanthu kali konse.

Atakalamba, alikulemba pamodzi ndi Jean-Claude Carrière wa ku France, anatembenuza nkhani ija. Mu Le Charme discret de la bourgeoisie (1972) mabwenzi 6 afuna kudyera pamodzi, koma sikutheka. Tsiku lina afika pa tsiku lolakwa; apita ku hotela, napeza mtembo wa mwini hotela uli m'cipinda ca pambali; tsiku lina asilikari alowa alikuyamba kudya; tsiku linanso nsaru ikwezedwa, nazindikira kuti akhala pa bwalo la masewero, khamu lirikuwapenya, ndipo nkhuku za m'mbale ndi za mphira. Filimu imeneyi inalandira mphotho ya Oscar m'caka ca 1973. Anthu obvala bwino, a mtundu womwewo umene unali kusekedwa, anadzaza nyumba za bayisikopo, naseka kwambiri, napita kukadya. Inki sinathiridwenso.

Cimene cinatsala ndi mafunso. Mu Belle de Jour (1967) mlendo wina aonetsa akazi kabokosi kolira ngati njuci. Mmodzi acita mantha, wina akondwera, koma oonerera saona za m'katimo. Buñuel anasimba kuti anthu anamfunsa za kabokosiko koposa za cina ciri conse, ndipo anali kuwayankha kuti muli cimene iwo eni afuna kuti cikhalemo. Mu filimu yace yotsiriza, Cet obscur objet du désir (1977), nkhalamba yolemera ilondola mtsikana amene aibvomera lero naikana mawa, ndipo mtsikanayo amsewera akazi awiri osafanana nkhope, Carole Bouquet ndi Ángela Molina, mosinthanasinthana. Ena mwa oonerera anaturuka osazindikira kuti anali awiri. Buñuel anamwalira ku Mexico City pa 29 July 1983, ali ndi zaka 83.