Kodi Nkoyenera Kuseka Nkhani ya Kansa?

M'caka ca 2010, wailesi ya kanema yochedwa Showtime ku America inayamba kuonetsa sewero loseketsa la The Big C. Cilembo C cikuimira kansa m'Cizungu, pakuti anthu ambiri amaopa kuchula nthendayi ndi dzina lake. Sewerolo linatha mu 2013, koma funso limene linautsa pakati pa oonerera likali lofunika m'nyumba zathu.

Nkhani yake ndi ya mai Cathy Jamison, mphunzitsi wa mu mzinda wa Minneapolis. Dotolo awauza kuti ali ndi kansa ya pakhungu yochedwa melanoma, ndipo yafalikira kale m'thupi. M'malo mouza amuna ao ndi mwana wao Adam, maiwa abisa. Ayamba kucita zinthu zodabwitsa, monga kukumbitsa dziwe losambiramo pabwalo ndi kugula galimoto yodula. A m'banja aganiza kuti mutu wao wasokonezeka, ndipo apa mpamene pacokera nthabwala zambiri.

Oonerera sanagwirizane. Ena anakhumudwa, makamaka amene anadwazikapo kapena kuika m'bale wao. Iwo anati kansa ndi ululu, kusanza, kuthothoka tsitsi ndi kutha kwa ndalama, motero si nkhani yosekera. Anaonanso kuti poyamba mai Cathy anali kuoneka athanzi kwambiri kusiyana ndi odwala eni-eni.

Koma ena, kuphatikizapo odwala kansa eni ake, analikonda sewerolo. Anati wodwala amatopa ndi nkhope zacisoni ndi anthu onong'onezana pakhomo monga kuti maliro acitika kale. Munthu wa kansa akali munthu: amakwiya, amalakalaka zabwino, amasekanso. Laura Linney, amene anasewera mbali ya mai Cathy, analandira mphoto ya Golden Globe mu 2011 ndi ya Emmy mu 2013.

Cimene cinawawa ambiri ndi cinsinsi cija. Adam anadziwa kukula kwa matenda a amai ake atatsegula cipinda cosungiramo katundu, napeza mphatso zimene anamukonzeratu za zaka zimene iwo sadzakhalapo. Mnyamatayo analira. Apa tiona kuti kubisa sikuteteza banja. Kumangolanda ana ndi abale nthawi yothandiza ndi yokonzekera. Pamapeto a sewero, mai Cathy anamwalira.

Tsono ndani akunena zoona? Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Kuseka sikuciritsa kansa, ndipo sikungalowe m'malo mwa mankhwala. Koma kumapeputsa mtima ndi kutsegula pakamwa pa nkhani yobvuta. Cofunika ndi cakuti wodwalayo ndiye atsogolere. Akaseka, sekani nao. Akafuna kulira kapena kukhala cete, musawakakamize kusangalala. Kuseka ndi wodwala nkosiyana ndi kumuseka.

Musaganize kuti melanoma ndi nthenda ya azungu okha. Kwa anthu akuda siicitika kawiri-kawiri, koma ikabwera imakonda kuyambira kuphazi kopondera, m'cikhato kapena pansi pa cikhadabo. Woyimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36, itayambira pa cala ca kuphazi.

Pitani ku kiliniki mwamsanga mukaona izi:

- Banga lakuda limene likukula, kusintha mtundu kapena kutuluka magazi.
- Mzere wakuda pa cikhadabo umene ukunka nukula.
- Cilonda cosapola, ngakhale cisakuwawa.
- Cotupa m'bere, m'khwapa kapena m'khosi.
- Kwa azimai, kutaya magazi kosakhala kwa kumwezi, kapena pambuyo pokhala malo amodzi ndi amuna.

Anamwino ndi madotolo adzakupimani, ndipo ngati kuli kofunika adzakutumizani ku cipatala cacikulu, monga Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Kansa yopezeka msanga nthawi zambiri imaciritsika.

Dotolo akakuuzani kuti muli ndi kansa, musasenze nokha katunduyo. Sankhani munthu mmodzi wokhulupirika, kaya amuna anu, akazi anu kapena m'bale, ndipo mupite naye ku cipatala. Ana nawonso auzeni zoona, m'mau olingana ndi msinkhu wao.